Nambala Yakale pa Mabelo Atsopano

Lamulo lake ndi lalifupi, koma ine ndinalimva mochedwa. Katundu akasintha, nambala yake isinthenso. Mukachepetsa mpunga m'paketi, pakhale nambala ina. Mukachepetsa mapaketi m'belo, pakhale nambala ina. Mukangosintha maluwa ojambula papepala, nambala ikhale yomweyo. Lamulo limeneli linaponderezedwa pa fakitale ina ku Joni, ndipo amene anasenza mlandu ndi Che Twaibu a ku Lifuwu, munthu amene sanabepo ngakhale njere imodzi. Ndikulemba chifukwa mpaka lero ku Khombedza kuli anthu amene akamva dzina lawo amafunsa kuti, "Aja a mabelo aja?"

Ndinachoka ku Chinguluwe mwana wathu wachiwiri akukwawa. Ndinapita pa kontirakiti ya mgodi monga ankachitira anzanga. Mkazi wanga Nabanda anandiperekeza mpaka pamsewu, ndipo mawu ake omaliza anali akuti ndisakaiwale kugula bulangete. Za mumgodi sindinena zambiri. Ndinatulukamo ndi chifuwa chimene ndikutsokomola nacho pano, ndipo pepala la dokotala lonena kuti ndinalibe vuto lililonse ndikadali nalo. Kontirakiti itatha ndinaopa kubwereranso pansi, ndinaopanso kubwerera kwathu ndi bulangete lokha. Ndinazemba, n'kupita kukafuna munthu wa kwathu amene ankamveka kuti amathandiza a ku Salima. Munthuyo anali Che Twaibu.

Anali wamtali, wovala kofia yoyera ngakhale m'fumbi. Anali atakhalitsa pa fakitale yolongedza mpunga, mapepala awo anali olongosoka, ndipo kiyi wa shedi yopakiramo malole ankasunga ndi iwo. Pasi yanga inali yololeza ntchito ya mumgodi yokha, komanso inali itatha. Iwo ananditengera kwa mzungu woyang'anira zolongedza, amene tinkamutcha Wotchi chifukwa ankayankhula ndi munthu maso ali pamkono. Wotchi anaitembenuza pasi ija kawiri, naiponya mu dilowa. Anati ikhale momwemo, ndiyambe mawa. Ndinathokoza kwambiri tsiku limenelo.

Ku hositelo tinkagona anthu khumi ndi awiri m'chipinda chimodzi, pa mabedi a simenti. M'nyengo yozizira simenti imalowa m'mafupa, ndipo tinkayala manyuzipepala pansi pa bulangete. Panali mwambo wakuti mpunga wa mapaketi ong'ambika, umene unkasesedwa pansi, antchito azitenga. Aliyense ankadziwa, Wotchi yemwe. Ena ankagulitsa. Che Twaibu ankausonkhanitsa m'thumba, n'kumaupeta, n'kumaphikira chipinda chonse Lachisanu akachoka ku swala.

"Achimwene," ankatero akupakula, "uwu ndi mpunga kapena ndi mchenga wotsuka? Mpunga wa Faya wa kwathu ukamapsa ku Lifuwu, inu a ku Chinguluwe mumayamba kusamba m'manja."

"Timasamba chifukwa ndife aukhondo, Che Twaibu."

"Aukhondo odya mbewa? Bweretsani mbale, musandichimwitse tsiku la Ijuma."

Ndi iwo amene anandipezera munthu wodalirika wonyamula bulangete ndi makina osokera kupita nazo kwa Nabanda. Ndi iwonso amene ankandiwiritsira madzi a ndimu chifuwa chikandigwira.

Timizere tinabwera ndili komweko. Azungu ankati bakodi, ife tinkangoti timizere. Tinali timizere takuda totsatana, nambala ili pansi pake. Paketi iliyonse inali ndi nambala yake yosindikizidwa kale, ndipo belo linali ndi nambala ina, pa lebulo yochita kumata. Womata anali ine. Mabelo ankapita ku depoti ya masitolo akuluakulu. Kumeneko kunali kachipangizo kowala, akakaloza pa lebulo, kompyuta n'kudziwa kuti nambala imeneyi ndi belo la mapaketi makumi awiri ndi anayi. Panalibenso wotsegula belo kuti awerenge. Linkatsegulidwa litafika kale m'sitolo, kutali.

Che Twaibu sanazikonde. "Kale munthu ankawerenga, n'kulakwitsa, n'kupepesa," anatero. "Aka kakuwalaka kadzapepesa kwa ndani?"

Tsiku lililonse wantchito ankalemba pa khadi zimene wagwira, Wotchi n'kusaina. Khadi linali ndi kaboni, lapamwamba la ku ofesi, lapansi la mwini ntchito. Anzanga ankapichirira fodya makhadi awo. Ine anga ndinkaika m'sutikesi, motsatana masiku.

Eni fakitale anagula makina atsopano omangira mabelo. Mabelo akale ankang'ambika m'njira chifukwa cholemera, choncho anaganiza kuti belo latsopano lizikhala ndi mapaketi makumi awiri. Paketi sinasinthe, motero nambala ya paketi inakhala yomweyo. Belo ndi limene linasintha. Eni ake analamula bwino lomwe kuti mabelo atsopano aunjikidwe m'nkhokwe, asatuluke mpaka nambala yatsopano itabwera ndipo a ku depoti atailowetsa mu kompyuta yawo. Pakadali pano makina akale azipitiriza. Chidziwitso chimenechi chinakhomedwa pakhoma, ndinachiwerenga ndi maso angawa.

Makina akale anathyoka Lolemba m'mawa, malole ali pamzere. Wokonza anati chitsulo chake chichokera kutali. Wotchi anayang'ana pamkono, nayang'ana mulu wa mabelo atsopano, nandiitana.

Anati ndimate malebulo akale pa mabelo atsopano.

Ndinamukumbutsa za chidziwitso cha pakhoma. Anati iye aimbira foni a ku depoti kuwauza, ndipo anandifunsa ngati ndinalembedwa ntchito yomata kapena yowerenga makoma. Ndinamata. Madzulo ndinalemba pa khadi kuti mabelo a makina atsopano, malebulo akale, ndinalembanso chiwerengero chake. Wotchi anasaina osawerenga, monga ankachitira masiku onse. Zinatero kwa masabata atatu. Foni ija sanaimbe.

Che Twaibu anazindikira tsiku loyamba lomwelo. Ananyamula belo limodzi, naliyeza m'manja.

"Achimwene, belo ili lapepuka ngati nkhuku yachitopa. Mwalitani?"

Ndinawafotokozera.

"Bwana akudziwa?"

"Walamula ndi yemweyo."

"Basi, ndi za eni ake. Ife tipakire."

Madandaulo anayamba kubwera m'sabata yachitatu. Masitolo ankatsegula belo limene kompyuta ikuti muli makumi awiri ndi anayi, n'kupezamo makumi awiri. Depoti inalembera eni fakitale kuti pali kuba. Wotchi anaona kuti ntchito yake ili pamoto. Makina akale anali atakonzedwa, ndipo anatigwiritsa ntchito Loweruka ndi Lamlungu kumanga mabelo atsopano ena, kuti mulu wa m'nkhokwe ubwerere pamene unali. Eni ake atabwera kudzaona anapeza mulu uli bwinobwino. Wotchi anawauza kuti mabelo anachoka pa makina ali odzaza, ndiye ngati akupereweza, afunse wosunga kiyi wa shedi.

Ndikufuna amene akuwerenga amvetse ichi: palibe mpunga umene unatuluka pa geti mobisa. Palibe paketi imene inasowa. Chimene chinanama ndi lebulo.

Apolisi anabwera ku hositelo m'mawa tikusamba. Pansi pa bedi la Che Twaibu anapeza thumba la mpunga wosesa uja, wopetedwa bwino, ukudikira Lachisanu. Analinyamula ngati apeza golide.

Tsiku lotsatira anatiitanira mu ofesi. Munali mmodzi wa eni fakitale, wapolisi, Wotchi, ndi Che Twaibu ataimirira pafupi ndi chitseko, kofia ili m'manja. Iwo ananena zoona, kuti mabelo amene anapakira anali atsopano, a makumi awiri, ovala malebulo akale. Wotchi anaseka. Mwini fakitale anafunsa kuti ngati zili choncho, anamata malebulowo ndani.

"Ine ndimapakira, bwana," anatero Che Twaibu. "Omata sindiwayang'ana."

Komabe womata anali mmodzi pa fakitale yonse, ndipo anandifunsa. Pamene funso linkabwera, Wotchi anatsegula dilowa ija ngati akufuna cholembera, naisiya yotsegula. Pasi yanga inali pamwamba penipeni, wapolisi ali potero. Makhadi anga onse a masabata atatu aja anali m'sutikesi ku hositelo, mtunda woyenda mphindi khumi.

Ndinati, "Ine ndimangomata zimene ndapatsidwa, bwana. Za atsopano kapena akale sindizidziwa."

Che Twaibu sanandiyang'ane. Anavala kofia yawo, wapolisi n'kuwalamula kuti avule. Khoti linawalamula kukhala m'ndende miyezi isanu ndi umodzi, ndipo atatuluka anawapitikitsira kwathu. Ku khoti sindinapite. Lachisanu lotsatira m'chipinda mwathu aliyense anadya buledi wake payekha.

Nambala yatsopano inabwera pasanathe mwezi. Malebulo ake ndinamatanso ndine.

Patapita nthawi kalaliki wina wa ku depoti, amene sindinamuonepo, anakhala pansi n'kuona kuti belo lililonse lodandaulidwa linkapereweza mapaketi anayi ndendende, ndiponso pulasitiki yake inali yosang'ambidwa. Wakuba wanji amene amaba anayi okhaokha n'kumanganso belo ndi makina? Analemba kalata yaulemu, yofotokoza lamulo limene ndayamba nalo lija, yopempha kuti fakitale isadzatumizenso katundu wosintha pa nambala yakale. Pansi pa kalatayo anamata malebulo awiri, yakale ndi yatsopano. Amayi ena osesa mu ofesi anaipeza m'bini, ndipo podziwa khalidwe langa losunga mapepala anandipatsira kuseri kwa shedi. Eni fakitale anamusamutsira Wotchi ku nthambi ina mwakachetechete, galimoto ya kampani ali nayo. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anakumbuka kuti pali munthu amene anamangidwa. Izi zimandiwawa mpaka lero. Kalaliki anadandaula za kompyuta yake, eni fakitale anadandaula za makasitomala awo, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Ndinafika pakhomo pa ofesi kawiri, kalata ili m'thumba, n'kubwerera. Ndinaganizanso zolembera Che Twaibu. Koma masiku amenewo makalata ochokera kunja ankatsegulidwa kwathu kuno, ndipo ndinadziuza kuti kalata yonena za apolisi ndi makhoti ingawaputire mavuto ena. Zinali zoona pang'ono. Ndinakhala zaka zina zinayi ndikudziuza zomwezo.

Woyang'anira watsopano anayeretsa dilowa ija, ndipo tonse opanda mapepala tinauzidwa kuti tizipita. Ndinabwera pa basi. Pa chipata cholowera kwathu ankafufuza katundu wa aliyense wochokera kunja, makamaka mabuku ndi mapepala. Wapolisi wina wachinyamata anapeza kalata ija pamodzi ndi malebulo ena amene ndinasunga. M'masitolo a kwathu timizere tinali tisanafike. Anatembenuza pepalalo chadodolido, naliunika padzuwa, naitana mkulu wake.

"Madala, zilembo izi ndi za ndani?"

"Ndi za mpunga, bwana."

"Mpunga umalemba makalata?"

"Iyayi bwana, ndi nambala ya belo. Amaloza ndi kachipangizo, kompyuta n'kuwerenga."

"Ndiye mukuvomera kuti munthu sangawerenge ndi maso. Akakuwerengerani ndani kwanuko? Mwatumidwa ndi ndani?"

Anandisunga masiku awiri. Ankati ndi uthenga wobisika wa anthu othawa boma. Tsiku lachitatu mkulu uja anatopa nane, nati ndizipita, koma kalata ndi malebulo zitsale, zikapimidwe ku likulu. Ndinapempha kuti andilembere pepala losonyeza kuti atenga zinthu zanga. Anandimenya khofi. Makhadi a ntchito sanawakhudze, poti analibe timizere.

M'basi ndinazindikira chimene chachitika. Kalata ija ikanayeretsa dzina la Che Twaibu popanda kutchula langa. Zimene zinatsala zinali makhadi, ndipo pa khadi lililonse panali dzina langa pamwamba, ndi zimene ndinachita, zolembedwa ndi dzanja langa.

Kunyumba ndinapeza Nabanda ali ndi imvi, makina osokera atawagulitsa chaka cha njala. Puloti yanga ya mpunga ankalima mlamu wanga, ndipo sanaonetse kuti akuganiza zoibweza. Mwana amene ndinamusiya akukwawa ankandipatsa moni ngati mlendo wa kutchalitchi. Anyamata a chipani anabwera m'mawa mwake kudzaona ngati ndili ndi khadi la chipani. Patatha sabata ndinafunsa za Che Twaibu.

"Aja akuba aja?" anatero Nabanda. "Anabwera ndi thumba la pulasitiki lokha. Mbiri inali itafika kale. Akuchikazi anawachotsa pamudzi, mkazi anakwatiwa kwina. Akuti ku mzikiti anthu amabisa nsapato akawaona."

Ndinabwereka njinga. Ndinawapeza masana ku sikimu ya mpunga ya Lifuwu, m'puloti ya munthu wina, akuingitsa mpheta. Anamanga zitini pa chingwe chachitali, iwo atakhala pa chulu n'kumakoka. Imeneyi ndi ntchito ya ana. Anali ataonda, kofia ili yotuwa. Anandizindikira ndili patali, koma sanaimirire.

"Achimwene. Mwabwera liti?"

"Sabata yatha, Che Twaibu."

"Chifuwa chija?"

"Chilipo."

"Alhamdulillah, muli moyo." Anakoka chingwe, zitini zinalira, mpheta zinauluka n'kuteranso patsogolo pang'ono.

Ndinatulutsa makhadi, ndinayamba kufotokoza za kalaliki wa ku depoti, za kalata, za pa chipata. Anandidula.

"Mukufotokozera ine? Ine ndinaliyeza belo lija ndi manja angawa. Ngati muli ndi mawu, bwerani Lachisanu. Mukawanene pamene pali makutu."

Lachisanu ndinadikira kunja kwa mzikiti mpaka swala itatha. Anthu anakhala pansi pa mtengo wa mango. Panali a Shehe, akuluakulu ena, ndi Che Saidi, mchimwene wake wa mkazi uja, amene anatsogolera zowachotsa pamudzi. Che Twaibu anakhala kumapeto, patali ndi anzawo.

Timizere panalibe amene anationapo, choncho ndinatola timiyala makumi awiri ndi tinayi, ndinatikulunga m'mpango, ndinaikapo tsamba, n'kunena kuti tsambali ndi dzina la mtolowu. Ndinachotsamo tinayi, ndinakulunganso, ndinabwezerapo tsamba lomwelo. Ndinafunsa kuti munthu wokhulupirira tsamba akatsegula, adzati chiyani. Wina anati adzati wonyamula waba. Ndinawerenga makhadi limodzi limodzi, masiku onse, ndikumasulira m'Chichewa, ndi kuonetsa pamene Wotchi anasaina.

Che Saidi anatenga khadi limodzi, naliyang'ana nthawi yaitali.

"Mwayankhula bwino, bambo. Koma tsamba silidziika lokha. Anaika ndani?"

"Ndine."

"Dzina ili pamwambali ndi lanu?"

"Ndi langa."

"Tsiku limene ankawafunsa alamu athuwa, inu munali kuti?"

"Ndinali m'chipinda momwemo."

"Mapepalawa anali kuti?"

"M'sutikesi mwanga."

"Ndiye munanena chiyani?"

"Ndinati sindikudziwa."

Mkulu wina analavula pansi. Che Saidi anandibwezera khadi lija atagwira kunsonga. A Shehe anati amva, ndipo Lachisanu lotsatira adzanena mu mzikiti kuti Twaibu sanabe, aliyense amene anamunena apemphe chikhululuko kwa iye ndi kwa Mulungu. Wina anafunsa za banja. A Shehe anati mkaziyo ali pa nikaha ina, ali ndi mwana wakhanda, zimenezo sizingabwezedwe. Anthu anayamba kuimirira. Atatu kapena anayi anapita kukagwira Che Twaibu chanza. Che Saidi anadutsa osaima. Ine panalibe anandiyankhula.

Che Twaibu anandiperekeza mpaka pamsewu, ine ndikukankha njinga. Ndinayamba kunena kuti tsiku lija ndinachita mantha, dilowa inali yotsegula.

"Ndinaiona dilowayo," anatero. "Mukuyesa n'chifukwa chiyani sindinakutchuleni? Mukanayankhula, akanatikweza lole imodzi tonse awiri, ana anu n'kugona ndi njala. Za mu ofesi muja ndinakukhululukirani ndisanafike ndi kundende komwe. Wallahi."

Anaima. Tinali titafika pa mlatho wa ngalande.

"Koma nditafika kuno ndinawauza alamu anga kuti adikire, kuli mnzanga wa ku Chinguluwe, munthu wosunga mapepala, alemba kalata. Anadikira mwezi. Mkazi wanga anawachonderera, anadikira mpaka kukolola. Ndinkapita ku positi Lolemba lililonse wapansi, mpaka wa pa positi anayamba kundiseka." Anandiyang'ana kumaso, koyamba chichokere ku Joni. "Mizere iwiri yokha, achimwene. Ngakhale osasaina dzina."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene za makalata otsegulidwa. Ndinatsekanso. Iwo anadikira pang'ono, ndipo ataona kuti palibe chimene chikubwera, anati mpheta zikhala zitamaliza puloti ya eni ake, nabwerera.